Wogulitsa Kolajeni Ndi Yemweyo Akukuwonongerani Khungu

M'matauni mwathu mwabuka malonda amene katundu wake weniweni ndi mantha. Tsegulani foni, yang'anani ma status a pa WhatsApp, lowani pa Facebook kapena TikTok. Simuchedwa kukumana ndi mayi wa nkhope yosalala mopyola muyezo, botolo lili m'manja, akukuuzani kuti makwinya anuwo mukuchita kuwafuna. Mankhwala alipo, akutero. Kolajeni.

Kolajeni wodzola. Kolajeni wa ufa wothira mu tiyi. Kolajeni wa makapisozi. Sopo wa kolajeni, khofi wa kolajeni. Tikangotsinzina pang'ono tidzadzuka kutabwera mandasi a kolajeni, ndipo anthu adzaima pamzere.

Mlandu wanga lero uli pa amalonda amenewa, amene amaoda makatoni kunja n'kumalonjeza mayi wa zaka 50 kuti pakatha masabata awiri anthu azimusokoneza ndi mwana wake. Wogula sindikumuloza chala, iye wanamizidwa. Chala changa chili pa wonamizayo.

Bodza lokha likanakhala nkhani yaing'ono. Chimene chikundiwawa n'chakuti pa shelefu yomweyo pamene pali botolo la kolajeni, pambali pake paima mafuta oyeretsa khungu, amene amawononga kolajeni yemwe wogulayo anabadwa naye. Nthawi zina si mabotolo awiri n'komwe. Ndi limodzi, lolonjeza zonse ziwiri, kuyera ndi utsikana.

Munthu mmodzi yemweyo akukugulitsani chokupwetekani, kenako akukugulitsani "mankhwala" osachiza. Kudyera munthu masuku pamutu kungapose pamenepa?

Nazi zimene wogulitsayo sangakuuzeni, mwina chifukwa nayenso sazidziwa.

Kolajeni si mankhwala. Ndi puloteni amene thupi limapanga lokha, ndipo ndiye wochuluka kuposa mapuloteni ena onse m'thupi la munthu. Ali m'mafupa, m'mitsempha yomanga minofu ku mafupa, m'malo olumikizira mafupa, ngakhale m'diso momwe. Pakhungu, iye sakhala pamwamba pamene timapaka mafuta. Khungu la pamwamba ndi lopyapyala, limafunduka n'kumabweranso. Pansi pake pali lochindikala, limene madokotala amalitcha dermis, ndipo m'menemo ndi momwe muli kolajeni. Mutati muliumitse gawo limeneli, magawo oposa 70 pa 100 a zotsalazo angakhale kolajeni yekhayekha.

Yerekezani ukonde wa asodzi a ku Nkhotakota, wolukidwa mothithikana ndi wokokedwa n'kukungika. Ulusi wake ndiye kolajeni, ndipo uliwonse ndi wopota patatu, kapangidwe kamene G. N. Ramachandran ndi Gopinath Kartha anakatulukira ku Madras, m'dziko la India, m'zaka za m'ma 1950. M'kati mwa ukondewo mumakhala osoka ake, timaselo totchedwa fibroblast, timene timachotsa ulusi wotha n'kuluka watsopano.

Ntchito yawo ndi ya pang'onopang'ono kwabasi. Pamafunika zaka pafupifupi 15 kuti theka la kolajeni wa pakhungu alowedwe m'malo ndi watsopano. Zaka 15! Koma mlongo wathu wa pa TikTok akuti iye amaliza ntchitoyo m'masiku 14.

Munthu akakhwima, kuluka kumayamba kuchepa poyerekeza ndi kutha kwa ulusi. Mu 1975, Sam Shuster ndi anzake ku Newcastle, ku England, anayeza khungu la anthu a misinkhu yosiyanasiyana ndipo anapeza kuti kolajeni amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100 chaka chilichonse pa moyo wa munthu wamkulu. Sizioneka chaka chimodzi. Zimaoneka zikaunjikana, pamene munthu ali ndi zaka 40, 50, 60.

Amayi ali ndi chokwera china chimene abambo sadutsamo. Akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amatsika kwambiri, ndipo mahomoni amenewa ndi amene amalimbikitsa osoka aja. Kafukufuku amene Mark Brincat ndi anzake anachita ku London m'zaka za m'ma 1980 ndi amene anatsegula maso a madokotala pa nkhaniyi: pafupifupi magawo 30 pa 100 a kolajeni wa pakhungu amatha m'zaka 5 zoyambirira mayi atasiya kusamba. Kenako kutsikako kumapitirira, koma mwapang'onopang'ono.

N'chifukwa chake mayi wa msinkhu umenewu amadziyang'ana pagalasi n'kudabwa kuti nkhope yasintha liti. Sanalodzedwe. Sanachite ulesi. Thupi langolowa nyengo ina. Ndipo nthawi yomweyo, ali m'kati modabwa, uthenga umalowa pa foni: "Asisi, katundu wafika."

Kuchepa kwa ulusi si vuto lokhalo. Wotsalawo umaduka zidutswazidutswa. Akatswiri a ku University of Michigan, James Varani, Gary Fisher ndi John Voorhees, anasonyeza chinthu chomvetsa chisoni: timaselo tosoka tija timagwira bwino ntchito tikakhala titagwira ulusi wokungika n'kudzitambasula. Ulusi ukaduka, timasowa pogwira, timakhwinyata, timachepetsa kuluka, n'kuyamba kutulutsa mankhwala ochuluka odula ulusi womwewo. Kuduka kumabala kuduka kwina. Pamwamba pa izi, shuga wa m'magazi amamatirira pa ulusi wakale n'kuuumitsa, ndipo kwa odwala matenda a shuga zimenezi zimathamanga.

Choncho khungu lokalamba silikusowa chopaka pamwamba. Opanga kolajeni ndi amene afooka, m'kati, kumene chala cha wodzola sichifika.

Tsono tiyeni kwa botolo lodzola lija.

Khungu linapangidwa kuti liziletsa zinthu kulowa. Likanakhala lolowetsa chilichonse, bwenzi tikumwa madzi pongosamba. Mu 2000, madokotala awiri a khungu a ku Amsterdam, Jan Bos ndi Marcus Meinardi, analemba mfundo imene lero ndi yodziwika kwa aliyense wopanga mankhwala opaka: kanthu kolemera kuposa madalton 500 (muyezo wa kulemera kwa tinthu tosaoneka ndi maso) sikadutsa khungu labwinobwino. Kolajeni mmodzi amalemera madalton pafupifupi 300,000. Wakula kuwirikiza ka 600 kuposa chimene khungu lingalole.

Nanga amalowera pati? Salowa. Amakhala pamwamba, amasunga kachinyezi pang'ono, nkhope n'kumaoneka yofewa mpaka madzulo. Mukasamba, ndalama zanu zimatsikira mu ngalande. Ntchito yosunga chinyeziyo, giliserini kapena Vaseline wa pa okala amaigwira bwino lomwe, ndipo chenji chimatsala chogulira ndiwo.

Ena amachenjera, amati wawo ndi wophwanyidwa tizidutswa ting'onoting'ono. Chabwino. Ngakhale kachidutswa katadutsa, ndani akakaluke? Khungu silitola zidutswa za chikopa cha ng'ombe n'kuzilumikiza pa nkhope ya munthu. Limagwiritsa ntchito kolajeni amene timaselo take tapanga tokha.

Inde, ndati chikopa cha ng'ombe. Ufa wokwera mtengowo suchokera ku maluwa a pachithunzi cha pabotolo. Umachokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe, zikopa za nkhumba, kapena zikopa ndi mamba a nsomba, zimene zimaphikidwa n'kuphwanyidwa mpaka zisanduke ufa. Ndi chinthu chomwecho chimene chimapangitsa msuzi wa mang'ina kapena wa zipalapasiro kugwirana ukazizira. Wodya mang'ina pamsika wakhala akumwa kolajeni zaka zonsezi popanda womujambula.

Ndifunseko apa. Mukamagulitsa ufa umenewu kwa mayi wachisilamu wa ku Mangochi, kapena kwa wa mpingo wosadya nkhumba, mumamuuza nyama imene wachokera? Inuyo mukuidziwa?

Ufawo ukalowa m'mimba, umagayidwa monga nyemba, usipa kapena dzira. Umasanduka tizidutswa totchedwa ma amino acid, ndipo thupi limatigwiritsa ntchito kumene likufuna: kuchiwindi, ku minofu, ku magazi, kapena kungotisandutsa mphamvu zoyendera. Palibe chimene chimatilamula kuti tithamangire pansi pa maso panu chifukwa choti mwalipira zambiri.

Ndikudziwa chimene amalonda ophunzirako ayankhe. "Koma kafukufuku alipo!"

Alipodi. N'zoona kuti tizidutswa tina ta kolajeni wakumwa timapezeka m'magazi, ndipo n'zoona kuti pali malipoti onena kuti khungu la omwa ufawu linafewako. Koma funso la munthu wanzeru ndi lakuti: analipira kafukufukuyo ndani?

Mu 2025, magazini ya zachipatala ya American Journal of Medicine inafalitsa ntchito ya akatswiri awiri a ku South Korea amene anasonkhanitsa zofufuza 23, za anthu 1,474 onse pamodzi. Ataziphatikiza zonse, kolajeni anaoneka ngati akuthandiza. Atazisiyanitsa, nkhani inatembenuka. Zofufuza zolipiridwa ndi makampani ndi zimene zinapeza phindu. Zimene makampani sanaikemo ndalama sizinapeze kusintha kogwirika pa makwinya, pa chinyezi kapena pa kutanuka kwa khungu. Zofufuza zochitidwa mosamala kwambiri nazonso sizinapeze kanthu.

Ndiye kuti ufawu umagwira ntchito mwini wake akakhala ndiye wolemba ntchito woyeza. Zodabwitsa bwanji!

Yankho lina ndi la maumboni. "Onani makasitomala anga, chithunzi ichi asanayambe, ichi atamaliza botolo." Choyambacho chinajambulidwa m'chipinda cha mdima, munthu atangodzuka, nkhope itakwinyika ngati wamva uthenga wa maliro. Chachiwiri, padzuwa la m'mawa, atadzola zophodaphoda, akumwetulira, foni nayo itathandiza kusalaza. Ndi luso limenelo, ngakhale madzi a pamjigo angakhale ndi maumboni.

Zikanathera pa kuberedwa ndalama, ndikanangodandaula n'kusiya. Koma botolo lachiwiri lija silibera thumba lokha.

Mdani wamkulu wa kolajeni wa pankhope, khosi ndi manja ndi dzuwa. Mukufuna umboni? Simufunika labotale. Yang'anani agogo anu amene alima moyo wawo wonse. Onani khungu la kuseri kwa zikhatho ndi la pamphumi, kenako muone la m'kati mwa mkono, kufupi ndi kukhwapa, kumene dzuwa silifika. Munthu ndi mmodzi, zaka n'zofanana, koma khungu n'losiyana kutali. Mu 1996, Fisher ndi Voorhees omwe aja anasonyeza chifukwa chake: kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV kumadzutsa m'khungu mankhwala odula kolajeni, ngakhale kutakhala kochepa kosafika pootcha.

Tsono ife anthu akuda tinabadwa ndi chishango. Melanin, chimene chimadetsa khungu lathu, chimameza kuwala kumeneku kusanafike pa kolajeni. Kafukufuku wa ku America wa mu 1979 anapeza kuti UV wofika pa dermis ya mzungu ndi wochuluka pafupifupi ka 5 kuposa wofika pa dermis ya munthu wakuda. N'chifukwa chake makwinya amachedwa kutipeza. Azungu amawononga ndalama zankhaninkhani kugula m'mabotolo chitetezo chimene mwana wa ku Nsanje amabadwa nacho.

Amene akudziwa bwino mtengo wa chishango chimenechi ndi abale athu achialubino, omwe kalembera wa mu 2018 anapeza kuti alipo 134,636 m'Malawi muno. Iwo matupi awo sapanga melanin wokwanira, ndipo dzuwa limawononga khungu lawo akadali ana, mpaka kubweretsa khansa imene yatenga miyoyo ya ambiri. Iwo akuyenda mitunda kusaka mafuta oteteza kudzuwa. Pamene inu, amalonda, mukulipiritsa anthu kuti muwachotsere chitetezo chomwecho.

Mumachichotsa ndi chiyani? Titchule mayina.

Choyamba ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, amphamvu, amene dokotala amalembera wodwala nthenda zina za pakhungu kuti apake pamalo ochepa kwa masiku owerengeka. Kuyeretsa khungu ndi chimodzi mwa zoipa zimene amabweretsa akapitirira muyezo. Amalonda anatenga choipa chimenecho n'kuchisandutsa malonda. Amafinyira machubu angapo m'chigubu cha mafuta odzola, n'kutakasa, n'kuuza munthu kuti azidzola thupi lonse m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka.

Kodi steroid amachita chiyani pa kolajeni? Amaletsa timaselo tija kupanga watsopano. Si mphekesera, zili m'buku lililonse la madokotala a khungu. Khungu limapyapyala mpaka mitsempha ya magazi kumaonekera. Limang'ambikira m'kati, n'kusiya mizere ikuluikulu m'khwapa, m'ntchafu, m'mawere ndi pamimba, ndipo mizere imeneyi sichoka. Kabala kakang'ono kamatenga nthawi kuti kapole. Zipere ndi ziphuphu zimapeza pokhala. Ukalamba umene ukanatenga zaka makumi kuti ufike, botolo limaubweretsa m'miyezi.

Mankhwalawa sathera pakhungu. Amalowa m'magazi, makamaka akamapakidwa thupi lonse, ndipo angathe kukweza BP ndi shuga, komanso kufooketsa tiziwalo ta pamwamba pa impso timene timapanga mahomoni a thupi.

Ndipo apa ndi pamene pali nzeru ya malondawa. Munthu akayesa kusiya, nkhope imayabwa, imatentha, imatuluka totupa, imada kuposa kale. Amathamangira kuti? Kwa yemwe anamugulitsa uja. Ndipo iye amamulandira ndi chisoni chochita kupanga: "Asisi, khungu lanu likusowa kolajeni."

Chachiwiri ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga melanin. Kuipa kwake sikunatulukiridwe ku Ulaya. Kunatulukiridwa konkuno kummwera kwa Africa. Mu 1975, dokotala wa khungu wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake analemba za amayi akuda amene atadzola mafutawa zaka zingapo anayamba kutuluka mawanga akuda bii, obiriwirako, m'masaya, pamphumi ndi m'khosi. Nthendayi imatchedwa ochronosis. Ataona khungulo pa makina okulitsa zinthu, anapeza kuti ulusi wa kolajeni watupa ndi kuwonongeka. Kuchiza kwake n'kovuta zedi. Munthu anafuna kuyera, n'kutsala ndi mawanga akuda kuposa khungu limene ankalithawa. South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Papita zaka zoposa 30, koma ife tikumugulabe ngati chinthu chatsopano.

Chachitatu ndi mercury, chiphe chimene chimawononga impso ndi ubongo, ndipo chimafika kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. Maiko anachita kupangana pangano la Minamata mu 2013 pofuna kuthana nacho, ndipo mafuta oyeretsa khungu ali m'gulu la zinthu zimene panganolo linatchula.

Pabotolo palembedwa papaya, karoti, mandimu, uchi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pano ndikumva mawu ena, aulemu ndithu. "Khungu ndi lake, ndalama ndi zake. Inu a nyuzipepala zikukukhudzani bwanji? Ifenso tikusaka ya sopo ndi fizi ya ana."

Ufulu wa mayi pa thupi lake sindikuutsutsa. Koma munthu amasankha akadziwa chimene akusankha. Muuzeni kuti m'chigubumo muli clobetasol, ndipo pakatha chaka ntchafu zake zidzakhala ndi mizere yosachoka. Muuzeni kuti kolajeni wodzolayo athera kubafa. Muuzeni kuti ufawo ndi chikopa cha ng'ombe. Akagula atamva zonsezi, ndiye tidzati wasankha. Koma chigubu chopanda chizindikiro, chotakasidwa kuchipinda kwanu ndi supuni, chimene inu nomwe simudziwa mlingo wa mankhwala ali m'menemo, chimenecho si ufulu wa wogula. Ndi ufulu wanu womuyesera.

Za fizi ya ana, aliyense akuisaka. Mayi wogulitsa tomato akuisaka, wa kabaza akuisaka. Koma wa tomato sakusiyirani chipsera cha moyo wonse.

Ndipo abambo musabisale kuseri kwa nyuzipepalayi. Msika umenewu mumaukuza ndinu, amene mukaona mkazi woyera khosi limathyoka, kenako n'kumaseka mabondo ndi zala zake zakuda mafuta akakana. Ena mwa inu mwayambanso kudzola mobisa. Makutu ndi zigongono zimakuululani.

Wina afunsa kuti, nanga palibe chimene munthu angachite kuti khungu lisathamangire ukalamba? Chilipo. Vuto lake n'lakuti sichipindulitsa wamalonda, n'chifukwa chake simudzachiona pa status.

Pewani dzuwa la masana pamene mungathe. Chipewa, ambulera, mthunzi wa mtengo. Ku Nambour, m'dziko la Australia, anthu 903 anawatsatira kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2013 zinaonetsa kuti amene ankapaka mafuta oteteza kudzuwa tsiku lililonse khungu lawo linakalamba mochepa ndi magawo 24 pa 100 poyerekeza ndi amene ankapaka akakumbukira. Amenewo anali azungu, ndipo ife melanin amatigwirira kale mbali ina ya ntchitoyo. Koma amene anadziyeretsa kale, ameneyo mafuta oteteza kudzuwa akuwafuna kuposa wina aliyense, ndipo wogulitsa uja sanamuuzepo.

Siyani fodya. Tingamutche golide wobiriwira akakhala pa okushoni, koma utsi wake umachepetsa kapangidwe ka kolajeni n'kuwonjezera mankhwala omudula. Samalani shuga.

Idyani zipatso. Thupi silingathe kupota ulusi wa kolajeni popanda vitamini C. Amalinyero a ku Ulaya anaphunzira izi ndi miyoyo yawo: atakhala miyezi panyanja osadya zipatso, nkhama zinkatuluka magazi, mano ankagwedera, mabala akalekale ankatsegukanso. Mu 1747 dokotala wa m'sitima, James Lind, anapatsa ena mwa odwalawo malalanje ndi mandimu, ndipo anachira. Vitamini ameneyu ali mbwee mu magwafa, malambe, mango, mapapaya ndi masamba osapsetsa kwambiri. Mapuloteni ali mu nyemba, soya, mazira, usipa ndi matemba, amene timadya ndi khungu ndi minga yomwe. Zonse zimene thupi limafuna kuti lipange kolajeni zili pamsika wa ndiwo.

Pali mankhwala opaka amene anaonetsadi kuti amadzutsa timaselo tija. Ndi tretinoin, ndipo Christopher Griffiths ndi anzake anatsimikiza zimenezi mu 1993 poyeza khungu lenileni la anthu owonongeka ndi dzuwa. Koma ameneyo ndi wolembedwa ndi dokotala, amatenga miyezi, amayabwitsa khungu poyamba, ndipo mayi woyembekezera saloledwa kumugwiritsa ntchito. Taonani kusiyana kwake: mankhwala enieni amabwera ndi machenjezo. Abodza amabwera ndi nyimbo ya pa TikTok.

Ndipo ngakhale zonsezi mutazichita, makwinya adzabwera. Adzachedwa, koma adzafika. Amene akukuuzani kuti ali ndi botolo lowaletsa akunena bodza lamkunkhuniza.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi bata la amene tinawapatsa ntchito yotiteteza. Clobetasol si sopo. Ndi mankhwala ofunika kalata ya dokotala. Akupezeka bwanji pa benchi la mumsika, padzuwa, pakati pa mikanda ndi mawigi? Makatoni amenewa sagwa kumwamba. Amadutsa pa chipata cha dziko, pa Mwanza, pa Songwe, pa Dedza, pa bwalo la ndege. Alipo amene amawaona. Alipo amene ntchito yake ndi kuyeza katundu, alipo oyang'anira mankhwala, alipo oteteza ogula ku malonda onama. Onsewa amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi.

Maiko anzathu sanadikire msonkhano wa ku nyanja. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa oopsawa mu 2015. Ghana inatseka khomo la hydroquinone mu 2016. Ku Rwanda, kuyambira chakumapeto kwa 2018, akuluakulu a boma ndi apolisi analowa m'masitolo ndi m'misika n'kuwachotsa pa mashelefu. Malonda a mseri sanatheretu kumeneko, koma wogulitsa anadziwa kuti akuchita mlandu, ndipo wogula anamva kuti chinthucho n'choopsa. Kuno wogulitsa amaika nambala yake ya foni poyera, ndi malo a sitolo, ndi maola otsegulira. Kumusaka sikufuna galu wa apolisi.

Zoyenera kuchita si zakuya. Gulani zigubu makumi angapo m'misika ya Lilongwe, Limbe ndi Mzuzu. Ziyezeni. Lengezani pa wailesi, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, zimene mwapezamo, ndi mayina a mafutawo. Aliyense wolemba pabotolo kapena pa Facebook kuti katundu wake "amabweza kolajeni" abweretse umboni, ndipo usakhale wolembedwa ndi amene anamugulitsa katoni. Akalephera, achotse mawuwo kapena alipe. Ndipo amayi amene khungu lawo lawonongeka kale auzidwe kuti asasiye steroid mwadzidzidzi paokha, koma apite kuchipatala akathandizidwe kusiya pang'onopang'ono, popanda kuwaseka.

Kwa inu amalonda, pempho langa n'limodzi. Chigubu chimene mumatakasa usiku chija, chimene mumati n'chachilengedwe ndipo chilibe vuto lililonse, bwerani nacho ku labotale masana, atolankhani alipo. Mubwere ndi mwana wanu wamkazi, mumudzoze thupi lonse tikuona, m'mawa ndi madzulo, monga mumalangizira ana a anzanu.